Kabokosi kolankhula Chijapani mu Sienta

Wa ku Luwinga: Mabwana, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Sienta pano, yangolowa kumene pa Songwe. Batire ikumatha usiku umodzi wokha. Mwiniwake wakakamira kuti vuto ndi kabokosi kali m'munsi mwa chiwongolero, kaja kamalankhula Chijapani ndi mawu achizimayi ukangoliza galimoto. Akuti ndikadule, mwina anthu akumamulondola nako.

Wa ku Katoto: Musadule chilichonse achimwene. Ndi ETC imeneyo, kachida kolipirira pa toll gate. Ku Japan inafala kuyambira 2001. Ukafika pa toll gate, kabokosiko kamalumikizana ndi zida za pamsewu pa 5.8 GHz, ndalama n'kulembedwa pa khadi, geti n'kutseguka galimoto isanaime. Mayiwo amangodandaula kuti simunalowetse khadi, basi. Suzumirani pagalasi lakutsogolo kapena pa dashboard, mupeza ka antenna kake.

Wa ku Chibavi: Ndiye kangagwire pa ma toll gate athu, pa Kalinyeke kapena pa Chingeni? Kasitomala wina anandifunsa, ine ndinangoseka.

Wa ku Katoto: Sikangagwire, kuno kalibe mnzake woyankhulana naye. Mtundu watsopano, ETC 2.0, umalandiranso uthenga wochokera pamsewu: kutsogolo kwathinana, kutsogolo kwachitika ngozi. Ine zimandiwawa ndikamadutsa ku Chikangawa m'chifunga cha mu June, thiraki itafera pakona, chenjezo lake nthambi zoyala pamsewu. Kabokosi kali phee.

Mdala wa ku Chiputula: Anyamata mwasiya batire mwayamba maloto. Iwe wa ku Luwinga, zimitsa galimoto, tseka zitseko, masula negative, ika multimeter, mita yoyezera magetsi, pa amps pakati pa thambo ndi batire. Dikira kaye makompyuta agone, kenako uzizula fuse imodziimodzi mpaka mita itsike, upeze chomwe chikudya moto. Ma ETC ambiri amadzuka kiyi akafika pa ACC, paja wailesi imayaka injini isanalire, ine sindikukakayikira kameneko. Wailesi anaigwirako?

Wa ku Luwinga: Ee mdala, anaikitsa expander kuti izigwira masiteshoni akuno, paja mawailesi akale a ku Japan amathera pa 90 MHz.

Mdala wa ku Chiputula: Yambira pomwepo.

Wa ku Luwinga: Ndapeza! Woikayo anatenga moto pa thambo la batire, expander ndi wailesi zomwe sizimazima. Tepi wake wamapepala, wamata thambo lonse. Ndasamutsira pa ACC, mita yatsika. Zikomo mdala.

Wa ku Chibavi: Nanga mayi aja?

Wa ku Luwinga: Ndazula pulagi, ndakulunga bwinobwino, sindinadule. Mwiniwake waliza katatu kuti atsimikize kuti asiyadi kulankhula.