Kuphunzira graphic design popanga mapositala a ndakatulo: ndiyambire pati?

Kamtsitsi:
Moni nonse. Ndili ndi laputopu yakale, ndalama zolipirira mapulogalamu a Adobe ndilibe. Ndikufuna kuti ndizitenga ndakatulo ya Chichewa n'kuipangira positala ya A3 yoti isindikizidwe. Ndigwiritse ntchito pulogalamu yanji, nanga mawu ndiziwayala bwanji papepalapo?

Nachisale:
Achimwene, kompyuta iyambe yadikira. Werengani ndakatuloyo mokweza kangapo, kenako musankhemo chinthu chimodzi chooneka ndi maso. Ngati ikukamba za mvula yoyamba, sankhani dontho kapena nthaka yong'aluka, osati mitambo, khasu, chimanga ndi mlimi zonse pamodzi. Ophunzira ambiri amajambula mzere uliwonse, ndipo mawu a mlakatuli amamira m'zithunzi.

Tengani pensulo mujambule timabokosi 10 tating'ono ngati bokosi la machesi, kalikonse ndi kayalidwe kakekake. Titatu tabwino ndi tomwe mupite nato pakompyuta.

Mizere ya ndakatulo musaisinthe kuti ikwane malo. Pomwe mlakatuli wadula mzere ndi pomwe wowerenga amapumira, choncho ngati mzere watalika chepetsani zilembo kapena kulitsani bokosi la mawu. Justify (yolinganiza mizere kumanzere ndi kumanja komwe) musaigwiritse ntchito, imamwaza mawu n'kusiya mipata yonyansa. Font (mitundu ya zilembo) zikhale ziwiri basi, ya mutu ndi ya ndakatulo. Pa A3 mawu a ndakatulo akhale pakati pa 20 ndi 28 pt (muyeso wa kukula kwa zilembo), ndipo mpata wa mizere ukhale pafupifupi 130% ya kukula kwa zilembo. Ndakatulo ikakhala yaitali, tengani ndime imodzi yokha.

Gulugufe:
Pa mapulogalamu, Inkscape, GIMP ndi Scribus ndi aulere ndipo safuna intaneti mukawaika. A3 ndi 297 x 420 mm. Onjezani bleed (malo oti mitundu ndi zithunzi zipitirire m'mphepete mwa pepala) ya 3 mm mbali zonse, chifukwa mpeni wodulira pepala umaphonya pang'ono ndipo popanda bleed m'mphepete mumatsala kamzere koyera. Mawu akhale mkati ndi 10 mm kuchokera m'mphepete. Chithunzi chodzaza pepala chimafunika 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), kutanthauza mapikiselo 3508 x 4961. Chotengedwa pa Facebook sichifika pamenepo, chimatuluka chosaoneka bwino.

Sikirini imaonetsa mitundu ya RGB (kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu) pomwe makina osindikizira amagwiritsa ntchito CMYK (inki za mitundu inayi), n'chifukwa chake buluu wowala amatuluka wozilala. Scribus imatha kutulutsa PDF ya CMYK. Zilembo zing'onozing'ono zakuda zikhale 100% K (inki yakuda) yokha, chifukwa inki zinayi zikapanda kugwera pamodzi zilembo zimaoneka ngati zili ndi mthunzi. Yambani mwasindikiza pa A4 kuti muone mitundu musanalipire A3.

Nachisale:
Chinanso chomwe ambiri amachiiwala ndi ŵ. Font zambiri zokongoletsa zilibe chilembochi, ndiye pulogalamu imabwereka cha font ina kapena imaika kabokosi. Musanasankhe font, lembani "Malaŵi" ndi "ng'ombe" muone mmene zikutulukira. Noto Serif ili nacho. Mukamaliza, sungani fayilo ina yosinthika, kenako mu Inkscape musankhe mawu onse n'kudina Object to Path (imasandutsa zilembo kukhala zojambula) kuti font isasinthike pakompyuta ya osindikiza. Pa WhatsApp tumizani ngati document, mukatumiza ngati chithunzi imachifinya.

Mbiyazodooka:
Dzina la mlakatuli lilembedwe pooneka, pansi pa ndakatulo. Positala yophunzirira kunyumba ilibe vuto, koma ngati mukufuna kuiika pa intaneti kapena kugulitsa, pemphani chilolezo kwa mwini wake ndipo chikhale cholembedwa. Ngati simukumupeza, funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso ku Malawi.