Khoma limodzi la kwale linagumuka, linalo ayi. Chifukwa chiyani?

WaChakaChachiwiri: Anzanga, tangobwerako ku ulendo wa kalasi yathu ya geology (maphunziro a miyala ndi matanthwe). Aphunzitsi anatitengera pa kwale wina wakale pomwe khoma lakumadzulo linagumuka lonse koma lakum'mawa lili chiimire, chonsecho mwala wake ndi umodzimodzi, mvulanso imagwa chimodzimodzi. Akuti tifotokoze chifukwa chake mu lipoti. Ndiyambire pati?

Nyundo: Munayeza ndi kampasi mmene zigawo za thanthwelo zapendekekera? Yambirani pamenepo. Zigawo zikapendekekera m'dzenjemo, okumba akadula m'munsi ndiye kuti zam'mwamba zatsala popanda chozichirikiza, zimangotsetsereka. Ku khoma linalo zigawo zomwezo zimalowera m'kati mwa phiri, n'chifukwa chake lili nji.

Nsangalabwi: Awa anena zoona, koma musaiwale dongo, achimwene. Ophunzira ambiri amangothamangira kujambula matanthwe akuluakulu, dongo osaliyang'ana n'komwe. Kachigawo ka dongo kopyapyala kakanyowa kamaterera, ndipo madzi akadzaza m'ming'alu amakankha thanthwe. Ku Vajont ku Italy mu 1963, mbali ya phiri la Toc inatsetsereka pa tizigawo ta dongo n'kugwera m'nyanja ya damu. Madzi anasefukira n'kupha anthu pafupifupi 2,000, koma khoma la damulo silinagwe.

WaChakaChachiwiri: Dongolo ndinaliona ndithu, lotuwa, linachita kundimata kunsapato. Nanga ndingatsimikize bwanji kuti mwalawo ndi limestone, mwala wopangira laimu? Ndinatolako kachidutswa.

Nyundo: Donthezanipo asidi wa hydrochloric wosungunula ndi madzi. Ukachita thovu, ndi womwewo. Viniga amathekanso, koma muyambe mwaupala mwalawo kuti pakhale ufa.