Thandizeni pa injini ya Kombi yakale, silinda yachitatu ikutentha

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Malume anandisiyira Kombi ya Volkswagen yomwe yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri, mpaka nkhuku zinkaikiramo mazira. Injini yake ndi ija ya kumbuyo, yopanda radiyeta, yoziziritsidwa ndi mphepo, masilinda anayi ogona, awiri uku awiri uko.

Nditafufuza mbiri yake ndinadabwa. Inayamba ndi Ferdinand Porsche ku Germany m'ma 1930, ili ya 985cc yokha. Inakula pang'onopang'ono, 1131, kenako 1192 mu 1954, mpaka kufika 1584 yomwe timangoti 1600. Beetle (kagalimoto ka Volkswagen) yomaliza yokhala ndi injini imeneyi inatuluka ku Puebla, Mexico, mu 2003, koma ku Brazil anapitiriza kuika injiniyi mu Kombi mpaka 2005. Nanga masipeya angasowe bwanji pa injini yokhalitsa chonchi?

Vuto langa nali. Titailiza n'kuyenda pang'ono, pulagi ya silinda yachitatu inatuluka yoyera mbuu, zinazo zili zofiirira bwinobwino. Amakaniko akuti pa injini zakale choziziritsira oyilo chinkakhala m'kati mwa chibokosi cha fani, n'kumatumiza mphepo yotentha ku silinda imeneyo, ndipo mu 1971 anachisunthira kunja kwa njira ya mphepoyo.

Yangayi ili ndi paipi imodzi yolowa m'mutu uliwonse, osati ziwiri ngati injini za 1971. Kodi chibokosi cha fani cha 1971 chingakwane popanda kusintha mitu? Kapena ndiyambe ndatchuna mavalavu ndi kabyuleta? Amene munaimasulapo ndi manja anu, chonde ndiuzeni ndisanataye ndalama.