Hatchi ikudzandira, milomo ikunjenjemera: ndichite chiyani dokotala asanafike?

Wa ku Kyalami, South Africa: Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Hatchi yaikazi ina pano yadzuka ikudzandira ngati yaledzera. Miyendo yakumbuyo ikukwekwereza pansi, ikamakhota ikufuna kugwa. Mlomo wakumunsi ndi minofu ya m'khosi zikunjenjemera. Themomita ikuonetsa 39.4. Chakudya yangonunkhiza n'kusiya. Abwana ali ku Cape Town, dokotala akuti afika masana.

Wa ku Midrand: Si horse sickness imeneyo achimwene, mliri uja wa mahatchi? Malichi uno ndiye nyengo yake, ndi mvula yagwayi.

Wa ku Kyalami: Katemera wake inabayidwa mu Julayi. Pamwamba pa maso sipanatupe, ikupuma bwino, thovu m'mphuno mulibe.

Wa ku Midrand: Ndiye iyendetseni pang'ono mwina ndi m'mimba. Ngati muli ndi penicillin wotsala ibayeni.

Mkulu wa makola, Randjesfontein: Ayi mphwanga, usaiyendetse. Hatchi yodzandira ikakugwera, mwendo wako wathera pomwepo. Ilowetse m'khola lalikulu, uchotse ndowa zachitsulo ndi chilichonse chosongoka, uthire utuchi wambiri mpaka phazi lizimira, m'mbali mwa makoma uikemo mabelo a udzu. Ukalowa uziima mbali ya chitseko, ndipo usalowe wekha. Wailesi zimitsa, anyamata asamachite phokoso pafupi, chifukwa hatchi yotere imadzidzimuka ndi kanthu kakang'ono. China, usayerekeze kuimwetsa madzi kapena mankhwala ndi botolo. Ngati ikulephera kumeza, zonsezo zipita m'mapapo.

Mayi wothandiza dokotala wa ziweto, Pretoria: Amalume anena zoona. Penicillin musiyeni, sapha mavairasi. Mankhwala oziziritsa thupi musapereke dokotala asanaione, pokhapokha atakuuzani pafoni.

Zizindikiro mwatchulazo zikuloza ku ubongo kapena msana, ndipo matenda ake ndi angapo ofanana maonekedwe. Awiri ndi amene akukhudzani inuyo lero lomwe. Oyamba ndi chiwewe. Hatchi nayo imadwala chiwewe, ndipo poyamba sichioneka ngati cha galu. Valani magolovesi, dzanja lisalowe m'kamwa mwake, malovu asakhudze pabala kapena m'maso. Funsani ngati inabayidwa katemera wa chiwewe komanso ngati ili ndi bala lolumidwa. Achiwiri ndi herpes ya mahatchi, EHV-1, yomwe imayenda kuchoka pa hatchi ina kupita pa ina kudzera m'chimfine, ndowa, zingwe ndi manja athu omwewa. Choncho ikhale payokha, ndowa yakeyake, woisamalira mmodzi. Mahatchi enawo muziwayeza kutentha m'mawa ndi madzulo, mukulemba papepala. Iliyonse yopitirira 38.5 muuzeni dokotala. Onaninso ngati yodwalayo ikukodza bwino kapena mkodzo ukungodontha, afunsa zimenezo.

Koma kunjenjemera kwa mlomoko, mwezi ngati uno, mtima wanga uli pa West Nile, matenda a vairasi ofalitsidwa ndi udzudzu.

Wa ku Kyalami: Zikomo achemwali, zonse ndachita. Dokotala wabwera, waika dilipi ndi jekeseni wochepetsa kutupa. Watenga magazi m'timabotolo tiwiri, kachivindikiro kofiira ndi kapepo. Akuti atumiza ku University of Pretoria.

Mayi wothandiza dokotala: Ndi komweko amayeza West Nile ndi mavairasi ena ogwira ubongo wa mahatchi, otchedwa Shuni ndi Middelburg. Timabotolo tiwirito tili ndi chifukwa. Kachilombo ka West Nile sikakhalitsa m'magazi a hatchi, moti ikamayamba kudzandira nthawi zambiri kamakhala katachokamo kale. Ndiye kwinako amafufuza kachilomboko, kwinako chitetezo chimene thupi lapanga kumene, chotchedwa IgM.

Wa ku Kyalami: Zotsatira zabwera, ndi West Nile. Hatchi ikadali chiimire, yayamba kudya udzu wonyowetsa pang'onopang'ono. Koma anyamata akukana kulowa m'kholamo, akuti atenga matenda. Inenso mantha ndili nawo, ndili ndi ana pano.

Mayi wothandiza dokotala: Auzeni mitima ikhale pansi. Hatchi siipatsira munthu West Nile poisamalira, siipatsiranso hatchi inzake, ngakhale udzudzu woiluma sutengapo tizilombo tokwanira kufalitsa. Kachilomboka kamazungulira pakati pa mbalame ndi udzudzu wa mtundu wa Culex, umene umaluma kuyambira chisisira mpaka usiku wonse. Choopsa kwa ana anu ndi udzudzu womwewo umene unaluma hatchiyo. Anthu ambiri akatenga samva kanthu, ena amatentha thupi, mutu, zidzolo ndi kuphwanya m'mfundo, ochepa kwambiri ndi amene zimawafika ku ubongo. Kuno si matenda achilendo, mu 1974 anagwira anthu masauzande ambiri ku Karoo, dera la muno mu South Africa. Gonani m'neti ngati kumudzi. Wina akatentha thupi, akauze achipatala kuti pafamu pali hatchi yopezeka ndi West Nile.

Kuti ikuimabe ndi nkhani yabwino. Mwa mahatchi amene matendawa afika ku ubongo, pafupifupi imodzi mwa zitatu imafa kapena kuphedwa ndi dokotala kuti isavutike, makamaka zimene zagwa n'kulephera kudzuka. Mankhwala opha kachilomboka kulibe, chimaipulumutsa ndi chisamaliro chanucho. Ikachira isakweredwe mpaka dokotala atavomereza, zina zimatsala zofooka miyezi.

Mkulu wa makola: Tsopano zungulira famu yonse ndi wilibala. Matayala akale, migolo yosavundikira, ngalande za padenga zotsekeka ndi masamba, chithaphwi cha pansi pa mpopi wodontha, zonsezo ndi nyumba za udzudzu. Zomwera uzikhuthula ndi kukwecha sabata iliyonse. Mahatchi azilowa dzuwa lisanalowe, uwapopere mankhwala othamangitsa udzudzu, fani ayake usiku.

Wa ku Midrand: Ine ndimayesa katemera wa horse sickness amateteza zonsezi.

Mayi wothandiza dokotala: Ambiri amaganiza choncho, abwana omwe. Horse sickness ndi kachilombo kena, kofalitsidwa ndi tintchentche tija timati midges. West Nile ili ndi katemera wakewake: jekeseni awiri otalikirana masabata angapo poyamba, kenako kamodzi chaka chilichonse mvula isanayambe. Dokotala ndiye akonze masiku kuti asawombane ndi wa horse sickness. Achimwene a ku Kyalami, abwana akabwera muwatsegulire mapasipoti a mahatchi onse tsamba la katemera, aone okha kuti ndi angati alibe.

Wa ku Kyalami: Ndawatumizira kale zithunzi za masambawo. Onse alibe. Dokotala akubwera Lachisanu kudzayamba kubaya.