Kodi wopanda mpando angatsogolere pa ntchito?

Kalaliki wa ku Kanengo

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo, chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Ntchito yanga ndi kuwerenga matumba olowa ndi otuluka, kulemba pa khadi, n'kusainitsa madalaivala. Pamwamba panga pali a supavaiza, pamwamba pawo a manijala. Pansi panga palibe munthu, kupatula anyamata aganyu amene amadikirira pageti m'mawa uliwonse kuti anyamule matumba.

Mu Novembala anatipititsa ku maphunziro a tsiku limodzi. Mphunzitsi anabwerezabwereza kuti utsogoleri uli mumtima mwa munthu, ngakhale mlonda wa pageti ali nawo. Mawuwo anandilowa, sindinama. Nditabwerera ndinayamba kuona zinthu zomwe kale ndinkangozidutsa. Mulu wina wa chimanga, matumba 600 a makilogalamu 50, anausanja chogunda khoma, mzere wapansi uli pa simenti popanda mapaleti, ndipo lata la pamwamba pake linali ndi kabowo kolowetsa dzuwa masana. Amene anasungapo chimanga akudziwa kuti chikakoka chinyezi chimachita chuku, komanso mulu wogunda khoma sungauzungulire kuti uone ngati anankafumbwe alowa. Ndinawauza a supavaiza pomwepo, anyamata aganyu akumva. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe tinakulemba kuti uziwerenga matumba, za madenga uzisiye." Ndinatseka pakamwa.

Mvula ya mu Januwale itagwa masiku atatu osakata, matumba 84 anaola. Pofufuza anayambira pa ine, poti dzina lomwe lili pa khadi la mulu umenewo ndi langa. Ntchito sanandichotse, koma kalata yondichenjeza ili mu fayilo yanga mpaka lero. Ndiye ndikufunsa: utsogoleri wa ife opanda mpandowu ulipodi, kapena ndi mawu ongotinyengerera kuti tizigwira zambiri pa malipiro omwewo? Mtima wanga ukufuna kukhulupirira zomwe tinaphunzirazo, koma kalata ija ikundilasa.

Namwino wa ku fiyeta

Achimwene, pepani ndithu ndi kalatayo. Koma ine ndikuti munachita bwino, ndipo musasiye.

Kwathu ku fiyeta, kochitira opaleshoni, tili ndi ndandanda yomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2008. Dokotala asanagwire mpeni, tonse timaima, aliyense n'kutchula dzina lake ndi ntchito yake, kenako timatsimikiza dzina la wodwala ndi malo ong'amba. Poyamba ndinkaona ngati mwambo chabe. Ndinadzamvetsa kuti munthu amene watsegula kale pakamwa kamodzi m'chipindamo savutika kutsegulanso zinthu zikalakwika. Amene anatiphunzitsa anatisimbira za ngozi ya pa Tenerife ya pa 27 Malichi 1977, pomwe ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinaombana pabwalo kuli nkhungu, anthu 583 n'kufa. Woyendetsa ndege ya KLM anali mkulu wophunzitsa anzake pa kampaniyo. Injiniya amene anakhala kumbuyo kwake anafunsa ngati ndege inayo inali itachoka mumsewu wonyamukira ndege, mkuluyo anayankha motsimikiza kuti inde, ndipo funso linathera pomwepo. Kuchokera pa ngozi zotere makampani a ndege anayamba kuphunzitsa wamng'ono kulankhula mosabisa, ndi wamkulu kumvetsera.

Ine tsiku lina ndinawerenga timagozi tathu topukutira magazi n'kupeza kamodzi kakusowa, dokotala atayamba kale kutseka pamimba pa mayi wina. Ndinati, "A dokotala, chonde imani, chiwerengero sichikukwana." Anakwiya, poti panja panali odwala ena atatu. Ndinabwereza mawu omwewo osakweza, osatsitsa. Kanapezeka m'kati. Palibe anandiyamika, ndipo sindinayembekezere. Mayiyo anatuluka pa tsiku lachisanu mwana ali kumsana.

Chimodzi chokha ndikuuzeni ngati mlongo wanu. Kuwauza a supavaiza pamaso pa aganyu kunawachititsa manyazi, ndipo munthu wamkulu akachita manyazi amateteza nkhope yake, chimanga amachiiwala. Ku fiyeta ndilibe nthawi yotengera munthu pambali. Inu munali nayo.

Wapampando wakale wa yuniyoni

Mwana wanga, ndagwira ntchito zaka 31 ndisanapume, ndipo maphunziro ngati amenewo ndakhalamo ambiri. Sindikutsutsa zomwe anena mayi namwino. Koma funso lako lili ndi mano, tisalithawe. Alipo mabwana amene amakonda mawu akuti "tonse ndife atsogoleri" chifukwa satuluka nawo tambala. Amakupatsa katundu wa udindo pamutu, mphamvu ya udindo n'kuisunga m'thumba mwawo. Zikayenda bwino ndi nzeru zawo, zikaola matumba ndi dzina lako. Ndaonapo mesenjala akugwira ntchito ya kalaliki zaka zitatu popanda ngakhale alawansi yogwirizira udindo, akungouzidwa kuti ali ndi mtima wa utsogoleri.

Ndiye ukafuna kutsogolera uli pansi, phunzira kulemba. Zapakamwa zimauluka ndi mphepo. Ukanalemba mizere itatu yokha, tsiku, nambala ya mulu, vuto lomwe waona, n'kupereka kope limodzi kwa a supavaiza lina n'kusunga, kalata yochenjezayo ikanapita kwina. Ngakhale pano sunachedwe. Yankha kalatayo mwaulemu, fotokoza tsiku lomwe unanena za dengalo ndi anthu amene anamva, upemphe kuti yankho lakolo aliike mu fayilo momwemo. Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo nkhani zikafika ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la nkhani za ntchito la Industrial Relations Court, chomwe amafunsa ndi mapepala.

Ndipo kumbukira kuti mtima womwewo umafunikanso pokana. Pa Cashgate wa 2013 ndalama za boma sizinatuluke zokha, zinadutsa m'manja mwa anthu okonza mapepala ndi osainira, ena a iwo a maudindo aang'ono. Tsiku lina adzakuuza kuti usaine matumba 300 pomwe m'lole muli 280. Pamenepo ndi pomwe tidzaone ngati maphunziro aja anakulowadi.

Mtchona wa ku Durban

Achimwene, ine ndili pa kampani ina kuno yopanga zipangizo zomwe zimapita ku fakitale ya magalimoto ya Toyota ku Prospecton. Kachitidwe kathu tinatengera kwa iwo. Pa mzere uliwonse wopangira zipangizo pali batani, kwina chingwe, amachitcha andon. Ukaona cholakwika umadina, nyali imayaka, mkulu wa gulu amathamangira pamalo pako, ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere umaima. Anatiuza kuti nzeruyi inayambira pa makina oluka nsalu a Sakichi Toyoda, omwe ankaima okha ulusi ukaduka kuti asapitirize kuluka nsalu yoipa.

Sabata yanga yoyamba ndinaona zitsulo zikutuluka ndi bowo lopendekeka, koma ndinaopa kudina. Mlendo, Mmalawi, kuimitsa mzere wa eni dziko? Zinadutsa zambiri ndithu. Atazipeza, mkulu wa gulu sanandikalipire za zitsulozo, anandifunsa chifukwa chomwe sindinadine. Apa ndi pomwe ndikugwirizana ndi a wapampando: kulimba mtima kwa wantchito kumafuna batani loti adine. Kwanuko batani mulibe, ndiye mudzipangire. Gulani kope la ana asukulu, mulikoloweke pakhomo la nyumba ya katunduyo, aliyense woona vuto azilembamo, a supavaiza azisainira Lachisanu lililonse. Mukawafotokozera kuti kopelo lidzawateteza iwonso kwa a manijala, sadzakana.

Kalaliki wa ku Kanengo

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. A wapampando, yankho la kalata ija ndalemba usiku wathawu, ndipereka mawa. Achemwali a ku fiyeta, mwanena zoona za manyazi aja. Ndinalankhula mokweza dala, ndimafuna anyamata aja aone kuti inenso ndimadziwa zinthu.

Koma pali china chomwe sindinalembe poyamba, ndipo chandisowetsa tulo nditawerenga za injiniya wa mu ndege uja. Kabowo ka pa lata sindinakaone ndine poyamba. Mu Okutobala, maphunziro asanachitike, mnyamata wina waganyu wochokera ku Mgona, amene amakwera pamwamba pa milu posanja, anandiuza kuti, "Bwana, apa padzadontha." Ndinali pakati powerenga lole, ndipo ndinamuyankha kuti afulumire kutsitsa matumba, za denga si zake. Ndi mawu omwewo amene a supavaiza anadzandiuza ine patapita mwezi. Ndakhala ndikudandaula kuti ndilibe mpando, pomwe kwa anyamata 12 amenewo bwana ndine, poti ndi cholembera changa chomwe chimanena kuti wanyamula matumba angati ndipo alandira zingati madzulo.

Lero m'mawa ndinamupeza pageti ndipo ndinamupepesa anzake akumva. Anadabwa, anangoseka n'kuyang'ana pansi. Kenako ndinamupempha kuti tizungulire limodzi nyumba yonse andionetse zomwe amaona ali pamwamba. Wandionetsa malata ena awiri obooka kumbali ya kumadzulo, ndi pomwe makoswe amalowera kuseri kwa mulu wa soya, malo omwe ine wapansi sindikanawaona. Kope ndagula pa gulosale ya panja pa geti, achimwene a ku Durban. Mnyamatayo salemba bwino, ndiye wanena ine ndalemba, koma dzina lomwe ndaika pa mizere itatu yoyambayo ndi lake. A supavaiza ndikawaonetsa mawa m'mawa mu ofesi mwawo, chitseko chili chotseka.