Zowonjezera pa funso la matenda a Ellis-van Creveld

Funso lija linali lokhudza mwana wobadwa ndi zala 6 kudzanja, zikhadabo zosakula bwino komanso mano omera kale. Tinayankha kuti mwina ndi matenda a Ellis-van Creveld, matenda obadwa nawo okhudza kakulidwe ka mafupa.

Tsopano choyenera kufulumira nacho ndi mtima, osati zala. Pafupifupi theka la ana otere amakhala ndi vuto la mtima, kawirikawiri bowo pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba. Mwanayo ajambulidwe echocardiogram (chithunzi choonetsa mmene mtima ulili) ngakhale akuoneka wathanzi. Ana otere amakhalanso ndi nthiti zazifupi zomwe zimapanikiza mapapo, choncho yang'anirani kapumidwe kake.

Dzino lobadwa nalo likamagwedera kwambiri, dokotala wa mano alizule lisanamutsamwitse. Matendawa amabwera makolo onse awiri akapatsira mwana jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) yolakwika yotchedwa EVC kapena EVC2, ndipo pa mimba iliyonse ya makolo otere chiopsezo chimakhala 1 mwa 4.