Ndalama ya m'thumba ija: chimbudzi kudoko kapena magetsi a sola?

Mlembi: Asalaam aleikum nonse, abale athu achikhristu moni. Pepani ndalemba usiku foni inalibe moto tsiku lonse. Nkhani ndi ija tinaisiya panjira pa msonkhano wa Lamulungu, ndalama imene takhala tikusonkha mwezi ndi mwezi yafika poti tikhoza kugwira nayo ntchito imodzi yooneka ndi maso. Maganizo anatuluka atatu, kumanga chimbudzi kudoko kwathu kuja kumunsi kwa mlatho, kuika magetsi a sola panjira yotsikira kudoko komweko, kapena bonanza ya mpira ya achinyamata ikangotha Eid. Amene muli kunja simunamve bwino chifukwa netiweki imadukaduka, nde a wapampando ati tikambirane muno aliyense alankhule.

Achimwene a ku Joni: Waaleikum salaam a mlembi. Ine ndisaname mtima wanga uli pa magetsi. Nditabwera Disembala uja ndinatsika kudoko mbandakucha kukagula chambo, mdima wake ngati m'phanga, amayi akuyenda ndi tochi ya pafoni ndalama ili m'chitenje. Magetsi aja ukaika aliyense amaona kuti gulu lagwira ntchito, ndipo sola kwathu kuno sivuta dzuwa la Mangochi mukulidziwa. Chimbudzi ndi ntchito ya khonsolo imeneyo, ife tisasenze katundu wa eni.

Mnyamata wa kabaza: Zoona bigi. Ife timanyamula makasitomala 4 koloko m'mawa mabasiketi a usipa kumbuyo, njira ija mchenga wokhawokha ukaphonya pang'ono wagwa. Magetsi angatithandize kwambiri.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ine bonanza ndinaitchula ndine koma ndaibweza, mpira timenya chaka china. Ndalama yosonkha movutika chonchi isathere pa tsiku limodzi. Tatsala ndi ziwiri.

Wapampando: Zikomo aphunzitsi. Mayi athu a geni ya usipa muli chete, inu ndi amene mumaswera kudoko kuja tsiku ndi tsiku, tiuzeni.

Mayi a geni ya usipa: Ndimadikira akuluakulu ayambe a tcheya. Ine kulemba sindidziwa bwino mwana ndi amene akundilembera nde mundipirire. Achimwene a ku Joni mwanena zoona mdima ulipo, inenso ndinagwapo ndi beseni pamutu usipa wonse mbwee mumchenga. Koma mdima umatha 5 koloko ikakwana. Vuto ili ndikunena ine silitha, likuyamba m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ife timafika maboti asanakocheze, timadikira alovi atsitse nsomba, tigule, titsuke, tiyanike pathandala, tidikirenso iume, tsiku lonse lathera pompo. Munthu m'mimba mukavuta upita kuti? Abambo amangolowa m'bango kapena m'madzi momwemo. Ife amayi timapirira mpaka chikhodzodzo kuwawa, ena sitimwa ndi madzi omwe dala kuopa kufuna kutaya madzi, kutentha kwa Okutobala kuja tangoganizani. Ndipo madzi omwewo a Shire ndi amene tikutsukira nsomba, ana akusambamo, wina akuchapa wina akutunga akumwa.

Mayi a geni ya usipa: Chaka cha kolera chija mwana wa mchemwali wanga anayamba kutsegula m'mimba madzulo titangoweruka kudoko. Pofika pakati pausiku maso alowa mkati, khungu ukalitsina silibwerera, zotuluka zake ngati madzi otsukira mpunga. Tinamubereka kumbuyo mnyamata wamkulu wa sitandade 7, kabaza tinaipeza pamsewu. Kutenti kuja anamuika madiripi awiri nthawi imodzi, ine ndinakhala panja pa chingwe chifukwa salola kulowa, fungo la kolorini lokhalokha, ndikumva amayi ena akulira kuseri. Mulungu ndi wamkulu anachira. Koma pa anthu amene ndinkayanika nawo usipa alipo amene sanabwerere. Ine voti yanga ndi chimbudzi basi, ndathokoza.

Azakhali a ku Lilongwe: Eee mayi mwandiliza. Chaka chimene chija sitidzachiiwala.

Achemwali a zaumoyo: Ndiwonjezere pang'ono pa zimene mayi anena poti ndi ntchito yanga. Kolera ija inayamba Malichi 2022 ku Machinga kwa aneba athu, inapitirira mpaka 2023, ndipo ndi mliri wa kolera waukulu kuposa yonse imene dziko lino linaonapo. Mangochi inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri, makamaka midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi m'madoko. Chodabwitsa chinali choti inafala ngakhale m'chilimwe, nthawi imene kale tinkati kolera kulibe. Chifukwa chake n'chimene mayi afotokozachi, pamalo pamodzi pasonkhana asodzi, ageni, akabaza, ophika tiyi ndi zitumbuwa, ena achokera ku Makanjira ena ku Malombe ena ku Monkey Bay, onsewo alibe popita. Ife timagawa kolorini, timaphunzitsa kusamba m'manja, koma ukauza munthu kuti usapite kutchire nayenso amafunsa kuti nanga ndipite kuti. Pamenepo timasowa choyankha.

Achimwene a ku Joni: Mayi pepani sindinafune kupeputsa vuto lanu. Ndamva ndithu. Koma ndifunse mosabisa, zimbudzi zingati zamangidwa m'mbali mwa nyanja muno zimene lero zili chiimire? Ine ndikukumbuka cha kwathu kuja chinangotha mvula ziwiri chinatitimira. Ife kuno ndalama timaipeza movutika abale, kugona anthu asanu chipinda chimodzi, kuthamangitsana ndi nkhani ya mapepala, nde utumize pa Mukuru kenako umve kuti chagwa, zimawawa.

Mmisiri wathu: Funso labwino limenelo achimwene, ndiyankhe ine poti ndagwira njerwa zaka zambiri. Zimbudzi za kunyanja zimagwa chifukwa anthu amamanga ngati ali ku Namwera kumtunda kumene dothi ndi lolimba. Kudoko kuja ndi mchenga, ukakumba pang'ono chabe madzi ayamba kale kutuluka pansi, nde dzenje lopanda kumangira mkati limangogumuka silabu n'kumira. Pamenepa pafunika chokwezeka. Sukumba kwambiri, umamanga thanki ya mabuloko a simenti yotuluka pamwamba pa nthaka, kupulasitala mkati bwinobwino kuti zoipa zisadutse kupita m'madzi, silabu yamawaya pamwamba, masitepe okwerera, payipi yotulutsa fungo yokhala ndi sefa kumapeto kuti ntchentche zisatuluke. Kumbuyo umasiya chivundikiro choti galimoto yopopa izitha kufika chikadzadza. Ndipo chisayandikire madzi, a zaumoyo amanena mamita 30 kapena kuposa kuchokera pamene anthu amatunga.

Achemwali a zaumoyo: Eya 30 ndi yochepetsetsa, mumchenga ndi bwino kutalikirapo.

Mmisiri wathu: Komanso tisayeze malo poona pamene madzi ali lero. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka malo ogona alendo ndi nyumba za anthu m'mbali mwa nyanja zinalowa madzi, Shire nayenso anasefukira. Tikapite tikaone mzere umene madzi anasiya pa mitengo ndi pa makoma, timange kumtunda kwa pamenepo. Koma ndinene poyera a tcheya, chimbudzi chotere chimadya simenti. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa thumba sukhazikika, kotesheni ya mwezi uno mwezi wamawa yasintha. Ndalama imene ndinamva pa msonkhano ija ikhoza kukwana zitseko ziwiri, cha amayi ndi cha abambo, osapitirira apo.

Amalume a ku Mpondasi: Sikomo a mmisiri mwafotokoza bwino. Ine ndi wamkulu muno nde mundilole ndinene chimene achinyamata mukuchita nacho manyazi. Ambiri kudoko kuja ndi Asilamu, sitigwiritsa mapepala timagwiritsa madzi. Chimbudzi chopanda madzi mkati anthu sadzalowamo, adzabwereranso kumtsinje komweko chifukwa kumeneko madzi ali pafupi. Nde musaiwale mgolo kapena thanki ndi tizitini, ndipo dziwani kuti chidzadzadza msanga kuposa mmene mukuwerengera. China, khomo la amayi lisayang'anane ndi la abambo, komanso lisayang'ane kumene anthu amakhala pogula nsomba. Mpongozi sangalowe apongozi ake akuona. Ndinaona ndi maso anga chimbudzi chabwinobwino cha malata atsopano chikusanduka mosungira maukonde chifukwa cha khomo lokha.

Mayi a geni ya usipa: Amalume mwalasa. Makomo atembenukirane misana ndipo kwa amayi kukhale kampanda.

Msungichuma: Ine nkhawa yanga si kumanga, ndi mawa lake. Walira mvula walira matope. Adzasesa ndani? Sopo adzagula ndani? Madzi adzathira ndani mu mgolo? Galimoto yopopa ija siibwera ulere. Tikangomanga n'kujambulitsa zithunzi n'kuchoka, pakatha miyezi itatu palibe adzafune kuyandikira. Magetsi a sola nawonso ali ndi zawo, batire imatha ndipo akuba amakwera pa pholo usiku, koma chimbudzi chosasamalidwa chimasanduka gwero la matenda omwe tikuthawawo.

Aphunzitsi a ku Namwera: Chikhale cholipira pang'ono ngati za m'misika, pakhale munthu pakhomo.

Mnyamata wa kabaza: Aaa aphunzitsi cholipira anthu sadzalowa. Mlovi amene wabwerako chimanjamanja usiku wonse mwera utavuta angatulutse ndalama ya chimbudzi bango lili pompo?

Mayi a geni ya usipa: Mwana wanga wanena zoona, pakhomo pasakhale kulipira. Koma ife amayi a mathandala tili ndi kagulu kathu ka banki m'khonde timakumana Lachisanu lililonse. Tikhoza kugwirizana kuti aliyense wa thandala aziponya kangachepe pa sabata, eni maboti nawonso aziponya boti likakocheza ndi nsomba, ndalama imeneyo ndi ya wosesa ndi sopo. Kusesa tikhoza kupatsa mayi mmodzi wamasiye amene alipo kale kudoko amatola usipa wogwa pansi. Koma eni maboti ife sangatimvere, pamafunika a komiti ya doko a BVC ndi amfumu alankhule ndiwo.

Amalume a ku Mpondasi: Za amfumu ndisiyireni ine, ndikawaona ikatha swala ya Juma. Malo omwe ndi iwo angatilozere, tisakayambe kukumba pamalo a munthu mawa tidzamve kuti ndi munda wa agogo ake.

Wapampando: Komanso kukhonsolo tikalembe kalata. Achimwene a ku Joni ananena kuti ndi ntchito yawo, chabwino, tikawauze kuti ife tikufuna kuthandiza, atipatse chilolezo ndi munthu wa zaumoyo adzaone pulani. Mwina a khansala akhoza kutiikirako mbali ya madzi pa ndalama za chitukuko, kufunsa sikulakwa.

Achimwene a ku Joni: Chabwino ine ndagonja koma ndi mfundo zanga ziwiri. Poyamba ndalama isaperekedwe m'manja mwa munthu mmodzi. Mukukumbuka za mjigo zija, tinapereka yonse kwa kontirakitala uja anabweretsa mapayipi okha foni n'kuzimitsa mpaka lero. Ulendo uno simenti akagule anthu atatu, risiti ijambulidwe iponyedwe muno tsiku lomwelo, mmisiri azilipidwa akamaliza gawo osati asanayambe. A mmisiri musakhumudwe sindikunena inu.

Mmisiri wathu: Palibe kukhumudwa, inenso ndimakonda choncho. Ndipo musangotenga kotesheni yanga yokha, funsaninso amisiri ena awiri mufananize.

Achimwene a ku Joni: Chachiwiri, magetsi musawataye. Ine ndi anzanga atatu kuno ku Johannesburg tigula nyale imodzi ya sola patokha, iikidwe pa chimbudzi pomwepo kuti amayi asamaope kupitako kusanache. Iwalitsenso kanjira kaja pang'ono.

Mnyamata wa kabaza: Apo nde mwatikumbukira bigi. Mchenga ndi madzi omangira ife a kabaza tituta ulere tsiku limodzi, ndikawauza anzanga pa siteji.

Azakhali a ku Lilongwe: Ine ndikadali ndi mantha ndithu kuti zitseko ziwiri zichepa, nthawi ya usipa wambiri anthu kudoko kuja amachita kuthithikana. Pakhala mzere ndipo wotopa kudikira apita kubango. Bwanji tidikire miyezi ina isanu tisonkhe yokwanira zitseko zinayi?

Achemwali a zaumoyo: Azakhali miyezi isanu itifikitsa m'dzinja, ndipo mvula ikayamba kukumba mumchenga muja sikutheka. Ine ndingakonde ziwiri zimene zilipo mvula isanagwe.

Mmisiri wathu: Tikhoza kupanga chonchi, thanki ya pansi timange yaikulu ya zitseko zinayi, pamwamba tiyambe ndi ziwiri, mbali yotsalayo tiphimbe ndi silabu. Ndalama ikapezeka tingokweza makoma. Ikwera mtengo pang'ono koma osati ngati kudzayambanso pansi.

Msungichuma: Pang'ono pamenepo ndi zingati a mmisiri? Mundilembere pa pepala ndione ngati thumba lingapirire, sindikufuna tidzaime pa windo level ngati nyumba za m'tauni.

Azakhali a ku Lilongwe: Ikapelewera mundiuze ndiwonjezera matumba awiri a simenti, koma ndiona kaye kotesheni.

Wapampando: Tamvana. Sitivota lero, tiyambe taona malo ndi mitengo. Loweruka 7 koloko m'mawa dzuwa lisanakwiye tikumane pa wotchi ya Queen Victoria pafupi ndi mlatho, titsikire limodzi kudoko. A mmisiri mutenge tepi, achemwali a zaumoyo musalephere, a mlembi mudzajambule vidiyo ya abale ali kunja.

Mayi a geni ya usipa: Mudzandipeza komweko pa thandala lachitatu kuchokera pa mtengo wa mgwalangwa. Mudzavale nsapato zotseka, kumene ndikufuna kukakuonetsani kuseri kwa bango sikopita ndi patapata.